Amene amatisunga saodzera

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ndi Masalimo 121, omwe aja ambirife tinaloweza tili ana: "Taonani, wakusunga Israele sadzaodzera kapena kugona."

Ndikulemba ndili ku London, kumene ndabwera ndi ana asukulu 24 pa ulendo wodzaphunzira ndi kuona malo. Aphunzitsi tilipo atatu koma wotsogolera ndine, choncho mapasipoti onse, makalata a chilolezo cha makolo ndi mndandanda wa mayina zili m'chikwama changa. Chinyamukireni ntchito yanga yakhala imodzi, kuwerenga mitu. Pokwera ndege ndinawerenga, potsika ndinawerenganso. Pakhomo la hotela, pa masitepe oyenda okha, powoloka msewu, chala chimangoyamba chokha kuloza mitu milomo ikutakataka. Ndifulumire kunena kwa inu amene mwasenza anthu ena m'mawa uno, kaya ndi ana anu, odwala anu kapena anthu a kuntchito: werengani ndithu, ndi udindo wanu, koma mlonda wamkulu sindinu.

Lachiwiri tinali ku Natural History Museum, nyumba yosungiramo ndi kuonetseramo zinthu zachilengedwe. Ana anaima kukamwa yasa, maso ali kudenga kumene anapachika mafupa a namgumi wotalika mamita 25. Titatuluka tinapita pa siteshoni ya South Kensington kukakwera sitima yopita ku Westminster. Sitima za pansi pa nthaka mumzinda uno zinayamba kuyenda mu 1863, ndipo ndinali nditawafotokozera ana zimenezi monyadira, koma ndinaiwala kuti zitseko zake sizidikira munthu. Tinapangana kuti ine ndizikwera pomaliza. Tsiku limenelo, chifukwa cha phuma, ndinatsogola.

Sitima itanyamuka ndinayamba kuwerenga. 23. Ndinabwereza, 23 yemweyo. Thupi lonse linangoti zii. Nambala ija sinandiuze kuti wasowa ndani. Ndinachita kutulutsa mndandanda, manja akunjenjemera, n'kumaitana dzina limodzilimodzi mpaka ndinafika pa dzina limene palibe anayankha. Anali mnyamata wamng'ono pa onse, wofatsa, amene makolo ake anandigwira dzanja pabwalo la ndege n'kunena kuti, "Madamu, tamusiya m'manja mwanu."

Ndinatsika pa Sloane Square, siteshoni yotsatira, n'kubwerera. Mphindi zake zinali zochepa koma sindidzaziiwala. Pemphero langa linalibe mutu weniweni, ndinkangoti Yesu, Yesu. Tisananyamuke tinawalangiza ana kuti wina akatsalira asakwere sitima ina, asatsate munthu aliyense, angoima pomwepo. Ndinamupeza ataima pomwepo, chingwe cha nsapato chimene anawerama kuti amange chidakali chomasuka, misozi ili lengelenge. Ndinati, "Iwe mwana wanga, sunaope?" Iye anati, "Ndinaopa Madamu, koma munati mudzabwera."

Mwana ameneyu sanadzipulumutse ndi nzeru zake. Ankadziwa kuti pali munthu amene akuwerenga, ndipo nambala ikaperewera munthuyo sakhala pansi. Nanga ife akuluakulu bwanji? Tikangoona kuti zitseko zatitsekekera, anzathu apita, timayamba kuthamanga uku ndi uku, kukwera sitima iliyonse yafika osafunsa kumene ikupita, ngati kuti kumwamba kulibe amene waona kuti tatsalira. M'bale wanga, ine ndinachita kuwerenga kawiri kuti ndidziwe kuti wina wasowa. Atate wako sachita kubwereza. Ambuye Yesu anati ngakhale tsitsi la m'mutu mwathu analiwerenga.

Madzulo ake tinafika ndithu ku Westminster. Ndinawauza ana kuti Big Ben ndi dzina la belu, lolemera matani oposa 13, ndipo nsanja yake anaitcha Elizabeth Tower mu 2012. Pakamwa pankalankhula zimenezo koma maso ankawerenga mitu. Belu lija linalira, mtsinje wa Thames uli pomwepo, ana akujambulana, ine osakondwa ngakhale pang'ono. Miyezi yonse ija yokonzekera, mafomu a viza, misonkhano ndi makolo, ndiye ndifike pamalo pake mtima uli m'mwamba.

Usiku tulo sitinabwere. Cha m'ma 2 koloko ndinadzuka kuwerenga mapasipoti, kenako ndinatuluka n'kumayenda m'khonde la hotela kumvetsera pa chitseko chilichonse. Mphunzitsi mnzanga, mayi wachikulire amene wayenda ndi ana maulendo ambiri, anatsegula chitseko chake n'kundiyang'ana. Anandigwira paphewa n'kunena motsitsa mawu, "Achemwali, ana alipo 24 ndipo onse ali m'tulo. Nanga inuyo akukuwerengani ndani? Kagoneni. Mlonda alipo kale."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anakhudza chimene sindinkafuna kuvomera. Nkhawa yanga ndinkaitcha chikondi, koma mkati mwake munalinso kudzikuza, kuganiza kuti ndikatseka maso ine ndiye kuti ana a eni ake atsala opanda wowayang'anira. Nthawi ija ndinali m'sitima yothamanga kunka kwina, anaima ndi mwana uja ndani? Sindine. Salimo lomweli limati Yehova adzasunga kutuluka kwako ndi kulowa kwako, ndipo sabata ino ndaona zitseko zambiri zikutseguka ndi kutsekeka moti mawu amenewa ndikuwamva mwatsopano.

Sindikunena kuti tileke kusamala, ayi. Kuyambira Lachitatu ndikumakwera pomaliza, mphunzitsi wina kutsogolo, wina pakati, ndipo mwana aliyense ali ndi mnzake woyenda naye komanso kapepala ka dzina la hotela m'thumba. Mitu ndikuwerengabe. Koma ndikafika pa 24 ndikumapuma, n'kukumbukira kuti pa mndandanda wa Atate nanenso dzina langa lilipo. Inu amene simunagone usiku wathawu chifukwa cha mwana, ngongole kapena wodwala, lanu lilinso pomwepo. Imani pamene anakuuzani, akubwera.

Kunja kwayamba kuyera ndipo ndikumva ana akutakataka m'zipinda. Lero tikupita ku Greenwich, kumene kumadutsa mzere wogawa dziko pa mapu, ndipo ana adzaima mwendo wina kum'mawa wina kumadzulo kwa dziko lapansi. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka pa nthawi yokwera ndi kutsika. Ndipite ndikagogode zitseko.