Mabaiti anayi omwewo, manambala awiri osiyana: kuwerenga nambala mu Rust

Muli bwanji nonse, takulandirani kuchokera kuno ku Dedza. Lero titsegula fayilo ya chithunzi cha phiri lathuli, ya mtundu wa PNG, tione m'mene pulogalamu imadziwira m'lifupi mwake.

Kwa kompyuta, chithunzichi ndi mndandanda wa mabaiti basi. Baiti imodzi imasunga nambala kuyambira 0 mpaka 255. Mabaiti 8 oyambirira ndi chizindikiro choti fayiloyi ndi PNG. M'lifupi muli pa malo 16 mpaka 19, powerenga kuyambira pa 0.

Pa sikirini: 0, 0, 7, 128

Apa ndiye tikhazikikepo. Malamulo a PNG amati baiti yolemera kwambiri, kutanthauza yoimira gawo lalikulu la nambalayo, imatsogola, zomwe zimatchedwa big-endian. Choncho 7 kuchulukitsa ndi 256, kuwonjezera 128, tapeza 1920. Ndiwo m'lifupi mwa chithunzi chathu. Koma purosesa (ubongo wa kompyuta) za x86, komanso zambiri za ARM zomwe zili m'mafoni athu, zimasunga manambala motembenuza, baiti yopepuka patsogolo. Iyo ndi little-endian. Mukawerenga mabaiti omwewa mwanjira imeneyo, mupeza 2,147,942,400. Pulogalamu sidzadandaula konse, chifukwa nayonso ndi nambala yokwana m'mabaiti anayi. Idzangoyesa kufuna malo a chithunzi chomwe kulibe.

N'chifukwa chake ndimakonda m'mene Rust, chilankhulo cholembera mapulogalamu, imachitira kuyambira pa mtundu wake wa 1.32, yomwe inatuluka mu 2019. Mumalemba u32::from_be_bytes (big-endian) kapena u32::from_le_bytes (little-endian), pomwe u32 ndi nambala ya mabaiti anayi, ndipo aliyense wowerenga khodi yanu akuona dongosolo lomwe mwasankha. Palinso from_ne_bytes, yotsata purosesa yomwe muli nayo. Imeneyo musaigwiritse ntchito pa fayilo kapena pa zobwera pa intaneti, chonde.

Mtundu wa nambala nawonso mumauuza ndinu. Baiti ya 200 ndi 200 mukati u8 (nambala ya baiti imodzi yosatsika pansi pa 0), koma mukati i8 (yomwe imatha kutsika pansi pa 0) ndi -56.

Tsono nanga fayilo itaduka? Netiweki yathu mukuidziwa, imatha kuthawa kutsitsa kusanathe, mwatsala ndi mabaiti 18 okha. Mu C, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, mukhoza kuwerenga kupyola malire, n'kutola zomwe zili pafupi mu memory osadziwa. Vuto la Heartbleed la mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga pa intaneti, mu 2014 linali lotere: pulogalamu inakhulupirira kutalika kwa uthenga komwe wotumiza ananena osatsimikiza, ndipo zinsinsi za anthu zinatuluka.

Mu Rust, mukadula mabaiti mopyola malire pulogalamu imaima mwadzidzidzi, zomwe zimatchedwa panic. Ndi bwinoko, komabe wogwiritsa ntchito sakondwa nazo. Ine ndimalemba data.get(16..20), yomwe imatenga malo 16 mpaka 19, osaphatikiza 20. Mabaiti akapanda kukwana imabweza None, kutanthauza kuti palibe, ndipo mumatha kumuuza munthu kuti fayilo ndi yoduka. Akakwana, try_into imawasandutsa gulu la mabaiti anayi lomwe from_be_bytes ikufuna.

Kutalika kwa chithunzi kuli pa malo 20 mpaka 23. Tsegulani PNG yanu, mukuwerenge nokha.