Chigongono cha Mariano Rivera ndi ana athu oponya mpira

Makolo anzanga, nonse mwamva za mnyamata wa m'gulu lathu kuno ku America amene anamumanga mkono sabata yatha, atatha mwezi wathunthu akuponya mpira wa baseball chigongono chikumupweteka, ife akuluakulu tili pambali kumuombera m'manja. Mwana akadandaula chigongono, asiye kuponya tsiku lomwelo.

Ana athu amamutchula kwambiri Mariano Rivera, katswiri woponya mpira wa baseball amene anakulira m'mudzi wa asodzi wa Puerto Caimito ku Panama, komwe mpira ankaupanga ndi maukonde otha ntchito ndipo gulovu inali katoni ya mkaka. Timu ya New York Yankees inamutenga mu 1990, ndipo ntchito imene anatchuka nayo inali yolowa kumapeto kwa masewero kuti ateteze chipambano, zomwe anachita maulendo 652 asanapume mu 2013. Chimene ana sakudziwa n'chakuti mu 1992 anachitidwa opaleshoni ya chigongono, asanaponyepo n'kamodzi komwe mu ligi yaikulu.

Bambo kumbuyoko mukuti, nanga si anachira n'kulemera? Zoonadi anachira, moti mu 2019 anasankhidwa kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball, popanda wovota ndi mmodzi yemwe womukana. Koma pa nthawi ya opaleshoniyo anali ndi zaka 22, mafupa atakhwima, ndipo timu inamulipirira madokotala n'kumudikira miyezi yambiri mpaka atachira, pamene mwana wanu wa zaka 11 mkati mwa chigongono muli malo ofewa pomwe fupa likukulirabe, ndipo ndi pomwepo pamavulala akamaponya mopitirira. Komanso Rivera nthawi zambiri ankaponya chigawo chimodzi chokha pa masewero. Ife timalola mwana kuponya Loweruka m'timu ina, Lamlungu m'timu ina, madzulo kuseri kwa nyumba. Ineyo ndinachitapo zimenezi ndi wanga, n'kumamuuza kuti mwamuna salira. Ndinalakwa. Akadandaula chigongono, asiye kuponya.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana kumiphika, choncho ndifulumire. Malamulo a Little League, bungwe loyendetsa baseball ya ana, salola mwana wa zaka 11 kapena 12 kupitirira mipira 85 pa tsiku, ndipo akaponya 66 kapena kuposa apo apume masiku anayi. Muziwerenga nokha, musasiyire kochi. Chigongono chikapweteka kapena kutupa, asiye kuponya, ndipo mupite naye kwa dokotala asanagwirenso mpira.