London ndi Amsterdam n'kufupi, koma wotchi ingakusiyitseni ndege

Abale ndi alongo, musanayambe tiyi ndibwerekeni makutu. Mwamva za mayi athu aja amene ankathamangira maliro kumudzi kuchokera kuno ku London mwezi wathawu, ndege n'kuwasiya ku Amsterdam. Anafika ku Lilongwe mwambo utatha. Sikuti anachedwa kudzuka ayi. Chinawapusitsa ndi wotchi ya pamkono.

Kuchoka pabwalo la ndege la Heathrow ku London kukafika pa la Schiphol ku Amsterdam ndi makilomita pafupifupi 370, ngati Lilongwe ndi Mzuzu basi. M'mwambamo ndege simatha ngakhale ola limodzi. Koma Amsterdam ili patsogolo pa London ndi ola lathunthu, chilimwe ndi dzinja lomwe. Mayi aja anatsika bwinobwino, foni ali chizimitsire, n'kukhala pansi kumamwa tiyi. Wotchi yawo inkati 10 koloko pomwe kumeneko inali 11, geti ya ndege ya ku Nairobi, komwe akanakwerera ya ku Lilongwe, ikutsekedwa. Pa tikiti, nthawi yofikira ndi yonyamukira ndege yachiwiriyo ndi ya komwe mwatsikirako, osati ya komwe mwachokera. Mukatera, sinthani wotchi.

Ndipo ife tili ndi kachizolowezi kathu kaja, kofika pamsonkhano nsima itapola. Kuno timakudikirani chifukwa ndinu athu. Ndege si minibasi ya ku Area 25 yoti kondakitala akuonani mukuthamanga n'kumenya chitseko kuti adalaivala aime.

Eee, bambo kumbuyoko? Akufunsa kuti ngati m'mwamba simutha ola, bwanji tikiti yawo inalemba kunyamuka 7 koloko, kufika cha m'ma 9:20. Mwafunsa bwino, bambo. Chotsanipo ola la kusiyana kwa nthawi lija, patsala ola ndi mphindi 20. Mmenemo awerengeramo kuchoka pageti, kuima pamzere kudikira kunyamuka, poti pa Heathrow ndege zimachita kundondozana, ndiponso kuyenda pansi mukatera. Ku Schiphol kuli msewu wina wa ndege wotchedwa Polderbaan, uli patali moti mumayenda mphindi 15 kapena kuposa musanafike pageti. Ine tsiku loyamba ndinkangosuzumira pawindo, kuona minda ndi ngalande, mtima uli phaphapha poganiza za ndege inayo. Pobwerera n'zosiyana: munyamuka 8 koloko, mufika London cha m'ma 8:20. Ndiye mukatera, sinthani wotchi, ndabwerezanso.

Ndaona ana atopa, ndithamange. Gulani tikiti imodzi mpaka ku Kamuzu International Airport. Mukadula pawiri pofuna kutchipitsa, katundu mukatenga nokha, ndipo kuti mutuluke kukamutenga ndi pasipoti ya Malawi pafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Netherlands. Pakati pa ndege ziwirizo siyanipo maola awiri kapena atatu. Onetsetsani bwalo lake, chifukwa London ili ndi Heathrow, Gatwick, Stansted, Luton ndi ena. Mukangotsika yatsani foni, yang'anani geti yanu pa sikirini, pitani mukaione ndi maso, tiyi pambuyo. Amene mukuyenda Disembala uno bwerani ndi matikiti anu patebulo apa tiwerengere limodzi.