Mawu a m'mawa: zimene Danieli anavomera ndi zimene anakana

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo nonse a m'gulu muno, makamaka inu amene muli kale pa mzere wa taxi kusanache. Kuno ku Rosettenville kwazizira kwambiri, udzu wa panja wachita kuyera ndi chisanu. Joni ili pamalo okwera, mamita oposa 1,700, ndiye mwezi wa June suchitira munthu chifundo. Amayi atuluka 5 koloko kupita kuntchito, andisiyira madzi otentha mu ketulo ndi mawu akuti ndisaiwale zimene akuluakulu a gulu anandipempha. Anati mlungu uno mawu a m'mawa alembe wachinyamata. Ine ndine mtsikana wa Grade 11, ndipo ndalemba zimene zakhala pamtima panga.

Tiwerenge Danieli mutu 1, maso athu akhale pa vesi 8.

Kale ndinkangomudziwa Danieli wa m'dzenje la mikango. Chaka chino ndi pamene ndaona kuti buku lake likuyamba iye ali mwana wasukulu m'dziko la eni. Mfumu Nebukadinezara inatenga anyamata ku Yerusalemu n'kupita nawo ku Babulo, ndipo inalamula kuti aphunzitsidwe chiyankhulo ndi zolemba za Ababulo kwa zaka 3. Mayina awo anasinthidwa. Danieli anakhala Belitesazara, Hananiya anakhala Sadrake, Misaeli anakhala Mesake, Azariya anakhala Abedinego. Nditawerenga pamenepo ndinatseka kaye Baibulo. Ndinakumbukira tsiku langa loyamba pasukulu kuno, aphunzitsi atayesa kawiri konse kutchula dzina limene agogo anandipatsa ku Thyolo, n'kulephera, kenako n'kulidula pakati. Mpaka lero anzanga amandiitana ndi theka la dzina langa. Sanachite mwa njiru, koma madzulo ake ndinalira.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti Danieli sanakane zonse. Sukulu anaivomera. Chiyankhulo cha anthu amene anagwetsa mzinda wakwawo anachiphunzira, ndipo anachiphunzira bwino, moti pa mapeto mfumu inapeza kuti iye ndi anzake aposa anzeru onse a mu ufumuwo kakhumi. Dzina lachilendo analilola kuti amuitanire. Koma pa chakudya ndi vinyo wa patebulo la mfumu, vesi 8 ikuti anatsimikiza mumtima mwake kuti sadzadzidetsa nazo. Sanalalate, sanatukwane munthu. Anapempha mwaulemu kuti awayese masiku 10 ndi zamasamba ndi madzi okha. Mnyamata ameneyu ankadziwa pamene angapindike ndi pamene sangapindike, ndipo anadziwiratu mbale isanafike patsogolo pake.

Kudziwiratu kumeneku ndakuphunzira pabwalo la ntchemberembaye. Ndimasewera pakati, ndipo amene mumaudziwa mpira umenewu mukudziwa kuti ukaugwira uli ndi masekondi 3 okha kuti uuponye. Ukapitirira, wenzulo yalira, mpira wapita kwa adani. Aphunzitsi athu amasewera amatiuza tsiku ndi tsiku kuti wosewera wabwino amaona kumene aponye mpira usanamufike m'manja. Amene amayamba kuganiza ataugwira kale, wachedwa.

Mwezi watha tinakasewera ndi sukulu ina. Mtsikana amene ankandilondera anamva amayi akundichemerera m'Chichewa kuchokera kunja kwa bwalo, ndipo kuyambira pamenepo nthawi iliyonse tikayandikana ankandinong'oneza mawu aja amene alendo tonse timawadziwa, akuti kwerekwere. Koyamba ndinameza. Kachiwiri ndinameza. Kachitatu ndinamugunda ndi chigongono pachifuwa, dala. Oyimbira anaona, anatilanga, adani anagoletsa, ndipo tinagonja ndi chigoli chimodzi. Anzanga sanandinene, koma amayi anakhala chete ulendo wonse wa mu taxi. Titafika pakhomo anangondifunsa kuti, "Mwanawe, m'mawa uja unapemphera chiyani?" Ndinalibe yankho, chifukwa ndinapempha kuti tipambane basi. Sindinakonze mtima wanga pa zimene ndidzachite munthu akandinyoza, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti kuno mawu amenewo amabwera. Mkwiyo utandifika m'manja ndinali ndi masekondi 3, ndipo ndinauponya koipa.

Sindikunena kuti chipongwe tizingochilandira ngati chakudya. Zimene anachita mtsikana uja n'zoipa, ndipo tsiku lotsatira ndinakauza aphunzitsi, iwo n'kulemba kalata ku sukulu ija. Njira imeneyo inalipo kuyambira pachiyambi. Chigongono changa chinangoiphimba.

Pa 16 June dziko lino limakumbukira ana asukulu a ku Soweto amene mu 1976 anatuluka m'makalasi kukana kuphunzitsidwa masamu ndi maphunziro ena m'chiyankhulo cha Afrikaans, apolisi n'kuwawombera. Tinapitako ndi sukulu ku nyumba ya chikumbutso ya Hector Pieterson, mmodzi wa ana amene anaphedwa tsikulo, ku Orlando West, ndipo ndinaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi cha mnyamata uja atanyamulidwa, mlongo wake akuthamanga pambali akulira. Ambiri mwa ana aja anali a msinkhu wanga, ena ocheperapo. Ndabwerako ndi funso limene landisautsa masiku angapo. Danieli anavomera chiyankhulo cha omuzunza, ana a ku Soweto anachikana. Ndani anachita bwino? Ine ndikuona kuti onse. Kwa Danieli chiyankhulo chinali chida chimene anadzatumikira nacho Mulungu pamaso pa mafumu, ndipo chodetsa chinali pa mbale. Kwa ana a ku Soweto chiyankhulo chokakamizacho ndiye chinali goli lowatsekera tsogolo. Aliyense anayenera kuzindikira kuti pa nthawi yake ndi pamalo pake chomumanga n'chiti. Lero ine ndimaphunzira Afrikaans ngati phunziro, ndimacheza m'Chizulu pa nthawi yopuma, ndimalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo ndimapemphera m'Chichewa. Palibe chimene chandidetsa pa zimenezi. Mbale ya mfumu ya ine ili kwina.

Ina mwa mbalezo imabwera pa foni. Tili mkati mwa mayeso a pakati pa chaka, ndipo tonse a Grade 11 tikudziwa kuti zotsatira za chaka chino ndi zimene mayunivesite a Wits ndi UJ amayamba kuyang'ana munthu akamafunsira malo asanalembe matric, mayeso omaliza a sekondale. Mantha alipo, makamaka kwa ife amene makolo athu amapukuta m'nyumba za anthu ndi kusamala minda ya maluwa kuti tipeze yunifolomu. Lolemba lapitali mnzanga wina ananditumizira uthenga kuti pali munthu amene akugulitsa zithunzi za mafunso a masamu. Si zachilendo kuno: mu 2020 pepala lachiwiri la masamu a matric linatuluka nthawi yake isanakwane, ndipo dziko lonse linagwedezeka, ana osalakwa n'kukhala milungu ali ndi nkhawa yoti mwina alembanso. Masamu amandivuta, makamaka trigonometry, ndipo sindibisa kuti chala changa chinaima pa uthengawo. Koma ulendo uno ndinali nditakonzeka. Chichitikireni za pabwalo zija, m'mawa uliwonse ndisanavale nsapato ndimamuuza Mulungu zinthu ziwiri kapena zitatu zimene lero sindichita, ndipo kubera mayeso chinali chimodzi mwa izo. Ndinafufuta uthengawo. Mwina ndipeza 55 pamene ena apeza 80, koma ikhala yanga, ndipo vesi 17 ikunena poyera kuti amene anapatsa anyamata aja nzeru ndi luso pa maphunziro ndi Mulungu.

Za nyimbo ndinene mwachidule, chifukwa ndikudziwa kuti makolo ena m'gulu muno amada nazo nkhawa. Amapiano ndimawakonda. Ndi nyimbo za m'makomboni a Gauteng momwe muno, ndipo ng'oma yake ikagunda mu taxi m'mawa ngakhale tulo timatha. Sindikhulupirira kuti ng'omayo ndi tchimo. Koma Chizulu changa chitakhwima ndinayamba kumva zimene nyimbo zina zikunena za atsikana ndi za mowa, mawu amene ndinkaimba zaka ziwiri osawadziwa tanthauzo. Zimenezo ndinazichotsa mu foni, zina ndinasiya. Lamlungu ndimaimba alto m'kwaya ya achinyamata, ndipo pakamwa pake ndi pomwepa.

Pali chinanso chimene Danieli anasunga. Atakalamba, pa mutu 6 vesi 10, timamupeza akugwada katatu pa tsiku m'chipinda chimene mazenera ake anatsegukira ku Yerusalemu. Anatumikira Babulo mokhulupirika moyo wake wonse, koma zenera la kwawo sanalitseke. Ndimaganiza za ife tikamaonera mpira. Pamene mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye unachitikira ku Cape Town mu 2023, koyamba mu Africa, kusukulu tinkachemerera ma Proteas a ku South Africa, koma ma Queens a ku Malawi akalowa m'bwalo nyumba yathu yonse inkaimirira. Mitima iwiri imeneyi si chinyengo. Yeremiya analembera akapolo omwewo a ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, pakuti mtendere wake ndi wawonso.

Ndipo Joni ikufunika mapemphero. Usiku wa pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 n'kufa, pakati pawo Amalawi anzathu amene anabwera kudzasaka ngati makolo athu. Chaka chomwecho mu March namondwe Freddy anali atakokolola Chilobwe ndi midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe. Ndikukumbukira abambo atagwira foni usiku wonse, kuyesa nambala ya achimwene awo yosapezeka mpaka m'bandakucha. Maliro anali mbali zonse ziwiri za malire, ndipo ana asukulu tinkayenera kudzuka ndithu, kuvala tayi, kukalemba mayeso. Ndi nthawi imeneyo pamene ndinayamba kumvetsa chifukwa chimene amayi amagwadira pansi pozizira 4 koloko asanatuluke.

Anzanga a sukulu, kaya muli ku Turffontein, Yeoville, Cosmo City kapena Tembisa, musanatsegule WhatsApp ya kalasi m'mawa uno khalani kaye pa bedi mphindi ziwiri. Mukulidziwa tsiku lanu kuposa wina aliyense. Mukudziwa amene akudikirani pa geti, mawu amene angakuponyereni, chimene chingatumizidwe pa foni, ndi mnyamata kapena mtsikana amene mumalephera kumukanira. Muuzeni Mulungu panopa chimene muchite zikafika, mpira usanafike m'manja. Ndipo inu makolo athu, mukamatifunsa za mamalikisi muzitifunsakonso kuti lero takana chiyani, chifukwa nthawi zina nkhondo yaikulu ya tsikulo siilembedwa pa lipoti.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munali ndi Danieli m'kalasi la ku Babulo, mumatidziwa ndi mayina athu athunthu. Tsimikizani mitima yathu kusanatenthe. Sungani amayi ndi abambo athu m'misewu ya mzinda uno, tonthozani amene akulirabe abale awo, ndipo mumudalitse mtsikana amene ndinamugunda uja, pakuti nayenso ndi wanu. M'dzina la Yesu, ameni.

Pepala langa la masamu liyamba 9 koloko, mundikumbukire. Loweruka tikumananso ndi sukulu ija pabwalo lathu, ndipo ndakonza kuti ndikamupatse moni mtsikana uja wenzulo isanalire.