Mumadziwa bwanji kuti munthu wakhumudwa asananene?

[Wofotokoza ali pa msika wa Kapata ku Chipata, foni ili m'manja]

Moni nonse amene mukuonera. Tiyerekeze kuti mwauza amayi anu kumudzi kuti ndalama ya feteleza ichedwa. Akujambula mawu pa WhatsApp: "Palibe vuto, mwana wanga." Inu mwamva kale kuti vuto lilipo. Wakuuzani ndani?

Gwirani pakhosi, munene kuti "aaa". Zikunjenjemerazo ndi timinofu tiwiri ta m'kholingo. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa, timatseguka n'kutsekeka kambirimbiri: kwa abambo ambiri maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi, kwa amayi pafupifupi 200.

Vuto la timinofuti n'loti sitisunga chinsinsi. Munthu akapsa mtima, pakhosi pamakungika, mpweya umatuluka mwamphamvu, liwu limakwera n'kuuma. Akakhala ndi chisoni kapena watopa, timinofu sititsekeka bwinobwino, mpweya wina umangopita, ndiye liwu limatsika, lofooka. Wamantha kukamwa kumauma, liwu n'kumanjenjemera. Ngakhale kumwetulira kumamveka, chifukwa milomo ikatambasuka njira ya mawu imafupika. N'chifukwa chake muulutsi wa pa wailesi ya Breeze FM mumamudziwa kuti akumwetulira ngakhale simukumuona.

Zina timachita kuphunzira. Mkamwini polankhula ndi apongozi amatsitsa liwu mwadala, ndipo pamaliro palibe amene amapereka moni mofuula. Koma "zikomo bwana" yemweyo, mukangomukoka pang'ono, wasanduka chipongwe. Ana amazindikira zimenezi asanayambe n'komwe sukulu.

Chenjerani ndi nambala imene imayendayenda pa intaneti, yoti pa uthenga wonse umene timamva munthu akamalankhula, tanthauzo la mawu ndi 7 peresenti yokha, kamvekedwe ka liwu 38, nkhope 55. Inachokera pa kafukufuku wa katswiri wa zamaganizo Albert Mehrabian wa mu 1967, momwe anthu ankamvetsera mawu amodziamodzi, osati ziganizo zathunthu, n'kunena ngati wolankhulayo akukonda kapena ayi. Si lamulo la macheza onse. Ikanakhala yoona, bwenzi tikumva Chitchaina osachiphunzira!

Komanso si liwu lililonse lolimba limene lili la mkwiyo. Aphunzitsi, alaliki ndi anyamata oitanira basi amasasa mawu chifukwa chofuula tsiku lonse. Chimfine ndi fodya nazonso zimatero. Mawu akasasa kupitirira milungu itatu, pitani kuchipatala akakuoneni pakhosi.