"Tili bwino, musavutike"

Mwadzuka bwanji abale? Mawu athu m'mawa uno achokera pa Genesis 3:9, pamene Yehova Mulungu anaitana Adamu nati, "Uli kuti?" Musanayambe ntchito lero muliyankhe funso limeneli, ndipo muliyankhe mosazungulira. Nenani pamene muli.

Ife okhala ku Scotland kuno, mu Januwale 2025 tinaiona mphepo. Lachinayi madzulo mafoni analira nthawi imodzi ndi uthenga wa boma wotichenjeza za namondwe Éowyn. Lachisanu pa 24 Januwale a zanyengo a Met Office anali ataika chenjezo lofiira, lija loposa machenjezo onse. Masukulu anatsekedwa, sitima zonse za m'Scotland zinaimitsidwa, apolisi anati aliyense akhale m'nyumba. Ku Drumalbin, chapafupi ndi msewu wa M74, mphepo inafika mamailosi 100 pa ola. Mitengo inagwera panjanji, mawaya amagetsi oyendetsera sitima anaduka.

Tsiku lomwelo apongozi anga ndi mlamu wanga anali atanyamuka ku Birmingham kudzaona khanda lathu ku Glasgow. Anamva ndithu kuti kunja sikuli bwino, koma agogo amene akufuna kunyamula mdzukulu mungawaletse ndani? Sitima inawatula pa Preston, mzinda wa ku England, kumpoto kwake kunalibe yopitirira. Mayi a kunyumba atawaimbira, yankho linali lakuti, "Tili bwino, musavutike, tiona mawa." Nditatenga foni ine, zinthu zinachita kuipirako. Mukudziwa mwambo wathu: mpongozi sangauze mkamwini kuti ndazizidwa, bwera udzanditenge. Anandilonjera mwaulemu, anafunsa za mwana, anathokoza Mulungu chifukwa cha ulendo, basi. Ine ndili ndi galimoto panja, mafuta alimo, koma sindikudziwa ngati ali pasiteshoni, m'hotela kapena pamsewu.

Amene anatipulumutsa ndi mlamu. Usiku anapita kubafa ndi foni, nanditumizira mwakachetechete location, mapu a pafoni osonyeza pamene ali. Kadontho kofiira kanaima pa kanyumba ka alendo kuseri kwa siteshoni, ndipo pansi pake analemba kuti, "Alamu, ndalama zathera pachipindachi, ndipo mankhwala a BP a amayi atsala a mawa okha."

Abale, kadontho kameneko ndi pemphero. Galimoto siingapite kwa munthu amene akuti ali bwino. Imapita pamene pali kadontho. Ambiri a ife timagwada m'mawa uliwonse, mawu okoma tili nawo, "Atate tikuyamikani" timamaliza bwinobwino, koma location sititumiza. Tikumuuza Mulungu kuti musavutike. Adamu nayenso anabisala m'mitengo, ngati kuti Mwini munda saudziwa munda wake. Mulungu sanafunse chifukwa chosadziwa ayi. Amafuna mwana wake atulutse yekha mawu pakamwa. Nenani pamene muli.

Usiku wa Lachisanu sindinanyamuke, ndipo musamve ngati ndikukulimbikitsani kuyendetsa galimoto m'chenjezo lofiira. Kumeneko ndi kuyesa Mulungu, ndiponso kuika pachiswe anthu a ambulansi amene adzakutoleni. Ndinadikira mpaka Loweruka mbandakucha, mphepo itazizira, njanji isanatsegulidwe yonse. Kuchoka ku Glasgow kufika ku Preston ndi mamailosi pafupifupi 190, kutsika M74, kudutsa Beattock, Lockerbie, Gretna, kulowa M6, kukwera Shap. M'mbali mwa msewu munali nthambi ndi zikwangwani zopindika. Pamalo okwera galimoto inkakankhidwabe cham'mbali, manja onse awiri ali nga pachiwongolero. Nthawi yonseyi foni ili pa dashibodi, kadontho kaja kali phee, ine ndikusendera.

Mumsewu umenewo ndi mmene vesi lija linandipeza. Miyezi ino mashifiti anga kuntchito yosamalira okalamba achepa kwambiri. Visa ikufunika kuwonjezera chaka chino, ndalama zake mukuzidziwa amene muli kuno. Kumudzi akudikira za feteleza wachiwiri. Khanda labwera, tathokoza, koma matewera sagulidwa ndi mathokozo. Lamulungu akandifunsa abale pakhomo la tchalitchi ndimati, "Tili bwino, Ambuye akusunga," jekete ili bwinobwino, nsapato zopolisha. Ndinali kudandaula mumtima kuti apongozi akundibisira pamene ali, kenako funso linatembenukira kwa ine: nanga iwe, uli kuti? Ndinayankha mokweza ndili ndekha m'galimoto, chapafupi ndi Penrith. Ndinatchula ngongole ndi dzina lake, ndinatchula mantha anga a usiku. Palibe chimene chinasintha pa akaunti ya kubanki, koma ndinafika pa Preston mtima utapepuka.

Ndinawapeza atakhala pamasitepe a nyumba ija, chipinda atabweza kale kuopa kulipira tsiku lina. Amayi anali atafunda chitenje pamwamba pa khoti, m'manja atafumbata jumbo ya ufa wa phala ndi tizovala ta mwana toluka okha. Atandiona anayang'ana kumbali monga mwa mwambo, nati, "Pepani bambo, takuvutitsani." Anakhala mpando wakumbuyo, ndinakweza hita, tisanatuluke n'komwe mumzinda anali atagona.

Takuvutitsani. Mawu amenewa ndi amene atisunga ambiri pasiteshoni. Taleredwa kuti munthu wamkulu salira pagulu, nkhani za m'nyumba sizituluka, ndipo kuno kunja tawonjezerapo manyazi ena: anthu kwathu aganiza chiyani akamva kuti wa ku UK akusowa ya renti? Ulemu ndi wabwino, ine ndimaukonda, koma ulemu umene ukukugonetsani ndi njala, mankhwala atatha, wapitirira malire. Mulungu si mkamwini wanu kuti muzimupewa. Ndi Atate. Tumizani kadontho kanu.

Ndipo mukatumiza, khalani pomwepo. Amayi akanati atope kudikira n'kukwera basi yopita ku Carlisle, tikanaphonyana pa M6, iwo akukwera ine ndikutsika. Enafe timapemphera m'mawa, pofika masana tathamangira kale kwa wakatapila, kapena kubwerera kwa munthu yemwe uja anatipweteka. Mwanena pamene muli, dikirani. Wokutengani angachedwe chifukwa cha mphepo imene inu simukuiona, koma wanyamuka.

Inunso amene njanji yanu ili bwino sabata ino, galimoto ili pakhomo, Mulungu amatuma anthu ngati inu. Mlongo uja wasowa kutchalitchi milungu ingapo mumuimbire lero nthawi ya nkhomaliro. Akanena kuti ali bwino musafulumire kudula foni, mufunseninso kachiwiri kuti ali pati kwenikweni, ndipo makiyi akhale pafupi.