Khutu la Mudzi: Ntchito ya Achinyamata Poletsa Mikangano ku Zomba

[CHITHUNZI: M'mawa pa siteji ya kabaza ku Chinamwali. Njinga zamoto zandandalika, mnyamata wina akumvetsera uthenga pa foni, anzake amuunjirira.]

WOFOTOKOZA: Mkangano usanafike pabwalo la amfumu umakhala utadutsa kale pano. Pa siteji ya kabaza, pa mjigo, pa bwalo la mpira, pa doko la Kachulu, pa gulu la WhatsApp la anthu a m'dera. Oswera malo amenewa ndi achinyamata. Ndiwo amayamba kumva kuti mabanja awiri asiya kupalana moto chifukwa cha malire a munda, ndipo zikafika poipa, omwewo ndi amene amagwiritsidwa zikwanje ndi miyala n'kuikidwa kutsogolo.

Lero tiona mmene mudzi, kalabu ya achinyamata, mpingo kapena mzikiti ungapangire kagulu koti kazimva msanga, kutsimikiza nkhani, n'kuifikitsa kwa woyenera moto usanagwire tchire. Kuweruza milandu si ntchito ya kaguluka. Imeneyo ili ndi eni ake, ndipo magulu ambiri amafera pomwepo, poiwala malire awo.

[CHITHUNZI: Zaka zikulembedwa pa sikirini: 2011, 2015, 2017, 2022.]

WOFOTOKOZA: Pofuna kuyankha ofunsa kuti "mwatumidwa ndi ndani", dziwani izi. Zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pomwe anthu 20 anafa, ndizo zinachititsa dziko lino kuganiza zokhala ndi njira yokhazikika yosungira mtendere. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya mtendere, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mtendere ndi umodzi, lomwe linabweretsa bungwe la Malawi Peace and Unity Commission komanso makomiti a mtendere m'maboma. Kunjako, mu Disembala 2015, nthambi ya chitetezo ya United Nations inagwirizana mfundo nambala 2250 yonena kuti achinyamata azikhala nawo pokonza za mtendere. Ndiye mukapita ku ofesi ya bwanamkubwa kapena ya achinyamata kukadziwitsa za gulu lanu, simukupempha chachilendo.

[CHITHUNZI: Achinyamata ajambula mapu a mudzi pansi ndi ndodo. Miyala ikuimira mjigo, msika, ngalande.]

WOFOTOKOZA: Musayambe ndi kusankha wapampando. Yambani ndi mapu ndi kalendala. Khalani pansi maola awiri, jambulani dera lanu, ikani mwala paliponse pamene anthu anakanganapo m'zaka zitatu zapitazi, kenaka funsani kuti unali mwezi wanji. Mudzaona kuti mikangano ya kuno ili ndi nyengo zake ngati malungo.

Okutobala ndi Novembala, anthu akamasosa, khasu limadya malire, ndipo ndi nthawi yomweyonso ya mindandanda ya olandira feteleza wotsika mtengo. Januwale mpaka Malichi ndi njala: chimanga chachiwisi chimabedwa m'munda, ndipo wogwidwa amakhala pa chiopsezo chomenyedwa ndi khamu. Kukagwa ngozi ngati namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, phokoso limasamukira pa mndandanda wa thandizo. M'chilimwe ndi madzi a m'masikimu a mpunga ngati ya Likangala, ziweto zolowa m'madimba, ndi mpira wa mabonanza.

Kwa a Mwambo, a Kuntumanji ndi pa chilumba cha Chisi, kalendala imatsata nyanja ya Chilwa. Nyanjayi inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Madzi akathawa, asodzi amapanikizana pa malo ochepa otsala, ndipo nthaka yomwe yaonekera imalimbiranidwa ndi olima ndi oweta ng'ombe. Nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, kulanda makoka kumabutsa chidani pakati pa asodzi ndi komiti ya pa doko. M'mphepete mwa phiri nkhani ndi makala ndi alonda a nkhalango. M'tauni ndi malo ogulitsirapo pa msika, masiteji a kabaza, ndi za lendi ku Chikanda. Gulu la ku Chingale lisatengere kalendala ya ku Kachulu.

[CHITHUNZI: Msonkhano wa mudzi pansi pa mtengo wa mango.]

WOFOTOKOZA: Anthu 10 mpaka 12 akwanira, theka akhale atsikana ndi amayi achichepere. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko lino imawerenga wachinyamata kuyambira zaka 10 mpaka 35, koma pa ntchito iyi tengani oyambira zaka 18, chifukwa akhoza kudzaitanidwa kukachitira umboni. Musatole a satifiketi okhaokha. Wa kabaza mmodzi, msodzi kapena wogulitsa pa msika, kapitawo wa timu ya mpira, wa netibolo, wa ku tchalitchi, wa ku mzikiti. Ngati midzi iwiri ili pa udani, yonse ikhale ndi anthu ake m'gulumo. Ndipo uja mnyamata wovuta amene anzake amamumvera, musamusiye kunja. Iyeyo akati "tiyeni tibwerere", khamu limabwereradi, pomwe wofatsa wa kwaya sangalibweze.

Amene ali ndi udindo m'chipani asakhale membala. Mamembala asankhidwe pa msonkhano wa mudzi, anthu akuona, kwa chaka chimodzi. Pakhalenso akuluakulu awiri, bambo ndi mayi, ngati nkhoswe za gulu.

Kwa amfumu pitani ndi nkhoswezo, ndipo samalani kalankhulidwe. Mukanena kuti "tabwera kudzathandiza kuthetsa milandu", mwalakwa kale, chifukwa bwalo ndi lawo ndi nduna zawo, ndipo mfumu ikaona ngati ana akuilanda mpando, gululo silidutsa mwezi. Nenani kuti, "Gogo, tikufuna tikhale makutu anu, tizikutsinani khutu nkhani isanakule." Mukatero dziwitsaninso komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo tengani nambala ya foni ya wapolisi woona za chitetezo cha m'madera pa polisi yapafupi.

[CHITHUNZI: Kope lachikuto cholimba, lolembedwa mizere isanu.]

WOFOTOKOZA: Chida chachikulu ndi kope limodzi la mizere isanu: tsiku, malo, chomwe chamveka, amene watsimikiza, ndi amene wauzidwa. Mayina a okangana asalembedwe. Lembani "mabanja awiri a kufupi ndi mjigo wa kumtunda". Kope limasochera, limawerengedwa ndi mlamu wa mlembi, ndipo dzina likatuluka, amene anakuuzani sadzakuuzaninso.

Nkhani iliyonse iikeni pa umodzi wa milingo itatu: utsi, makala ndi malawi a moto. Utsi ndi kunyozana, kusiya kulonjerana, nyimbo zonyogodola pa mpira. Izi zidikire msonkhano wa pa sabata. Makala ndi pamene pamveka mawu oopseza, anyamata akusonkhana usiku, ena akusonkherana ya petulo kapena mowa woti "tikawaonetse". Amfumu amve dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo. Malawi ndi khamu litasonkhana kale kapena munthu atagwidwa. Apa palibe zokambirana, imbani foni ku polisi ndi kwa amfumu nthawi yomweyo.

[CHITHUNZI: Madzulo. Foni ikulira, uthenga wa mawu ukufalikira pa gulu la WhatsApp.]

WOFOTOKOZA: Tiyeni tione mphekesera pafupi, chifukwa ndi imene imapha msanga. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Chiradzulu, Thyolo ndi Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Ena mwa maboma amenewa, monga Phalombe ndi Chiradzulu, timagawana nawo malire.

Tiyerekeze kuti 7 koloko madzulo pabwera uthenga woti galimoto yachilendo yaima pafupi ndi sukulu, ikuba ana. Mamembala awiri, osati mmodzi, ayambe ndi amene watumiza. Funso ndi limodzi: "Mwaona ndi maso, kapena mwamva?" Akati amva, mwamva kwa ndani? Tsatirani anthu atatu kubwerera m'mbuyo. Nthawi zambiri pa wachitatu nkhani imasanduka "anangoti pali galimoto". Mnzanu aimbire aphunzitsi aakulu, amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo kufunsa ngati pali mwana wosowa, komanso ngati pali alendo amene anadziwitsa za ulendo wawo. Zonsezi zisapitirire mphindi 30.

Yankho libwerere pa gulu lomwelo, mwa mawu osati molemba, losafika mphindi imodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao ngati dera ndi losakanikirana, ndipo alankhule munthu wodziwika mawu ake. Anene zomwe zapezeka: galimoto ndi ya okonza mjigo, amfumu akudziwa, palibe mwana wasowa. Asatumizenso uthenga woyamba uja pofuna kuutsutsa, chifukwa anthu amamvera woyambawo n'kusiya wachiwiri. Asanyozenso okhulupirira. Munthu wotchedwa mbuli pagulu amakakamira bodza pofuna kuteteza ulemu wake.

Ngati mlendo wagwidwa kale, musalimbane ndi khamu. Nkhoswe ya gulu kapena mtsogoleri wa chipembedzo apemphe kuti munthuyo akafunsidwe kwa amfumu, alowetsedwe m'nyumba, chitseko chitsekedwe. Woimba ku polisi anene zinthu zinayi: malo ndi chizindikiro chake, kuchuluka kwa anthu, zida zomwe anyamula, ndiponso ngati wina wavulala. Foni isajambule vidiyo, kamera imautsa ukali.

[CHITHUNZI: Ngalande ya sikimu ya mpunga. Munda wakumtunda wadzaza madzi, wakumunsi wang'ambika.]

WOFOTOKOZA: Pali mikangano ina ya achinyamata okhaokha imene gulu lingakhalire pakati, amfumu atavomera. Mwachitsanzo, anyamata a kumtunda akutseka ngalande usiku ndi matumba a mchenga, a kumunsi mpunga ukuuma, ndipo ayamba kulondera ndi zikwanje.

Cholakwika chofala ndi kuwaitanira pamodzi tsiku loyamba. Yambani mwakumana ndi mbali iliyonse payokha, mumve chomwe ikuopa. Tsiku lokumana likhale m'mawa, mowa usanalowe m'mutu, pa malo osakhala a mbali iliyonse, anthu atatu mbali iyi atatu mbali inayo, onse atakhala pansi, makasu atasiyidwa kutali. Aliyense alankhule osadulidwa, ndipo mkhalapakati abwereze zomwe wamva mpaka wolankhulayo avomere kuti ndi zomwezo. Kenaka nyamukani nonse mukaone ngalandeyo. Kawirikawiri mumakapeza kuti yadzaza matope ndi udzu, madzi ofika kumunsi ndi ochepa ngakhale popanda wotseka, ndiye mkangano umasanduka ntchito yokumba limodzi.

"Pepani" yekha sathirira mpunga. Mgwirizano unene kuti madzi apita kumunsi masiku ati, kuyambira ola liti, atsegula ndani, ndipo wophwanya akaonekera kuti. Ulembedwe mapepala awiri, komiti ya ogwiritsa ntchito madzi pa sikimupo ichitire umboni. Bwereraniko pakatha masiku atatu, kenaka pakatha masabata awiri.

Mpira ndi wosavuta: woimbira achokere mudzi wachitatu, mphoto ndi lamulo la mapenate zigwirizanidwe masewera asanayambe, pakhale chingwe pakati pa oonerera ndi bwalo, ndipo mpira uthe kusanade.

[CHITHUNZI: Chikwangwani cha polisi, kenaka nambala 116 pa sikirini.]

WOFOTOKOZA: Tsopano pamene muyenera kuimira. Kugwiririra, kugona ndi mwana, nkhanza za m'banja ndi kuvulazana si zokambirana pansi pa mtengo. Zipite ku polisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo za ana mukhoza kuimba mwaulere pa 116, nambala yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la konkuno ku Zomba. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito. Gogo akayamba kulozedwa chala maliro atachitika, amenewo ndi makala, amfumu ndi apolisi amve lomwelo. Umwini wa malo uli ndi njira yake pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, kuyambira kwa amfumu. Za ukwati zili ndi ankhoswe.

[CHITHUNZI: Gulu lakhala pa khonde la sukulu, likuwerenga kope.]

WOFOTOKOZA: Chimapha magulu otere n'chiyani? Choyamba ndi alawansi. Gulu lobadwira ku maphunziro a ku hotela limatha tsiku lomwe pulojekiti yatha. Zofunika zenizeni ndi kope, mayunitsi a mafoni awiri ndi ya kabaza pa ngozi, ndipo zimenezi zitha kuchokera m'thumba la kalabu kapena kadimba ka gulu.

Ndale zimabwera mwaulemu, ndi mayunifolomu a timu ndi ya sopo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma ngakhale zikanakhala zololedwa, gulu likangovala nsalu ya chipani chimodzi theka la mudzi limasiya kuliuza kanthu. Membala wofuna kukachita kampeni atule pansi udindo kaye. Ofuna kuchita zionetsero akumbutseni kuti lamulo limafuna kudziwitsa bwanamkubwa maola osachepera 48 zisanachitike.

Choopsa kuposa zonse ndi gulu kusanduka apolisi. Limayamba ndi kulondera usiku, kenaka zibonga, kenaka kulipiritsa chindapusa, mapeto ake ndi lomwe likumenya oganiziridwa. Lamulo la gulu linene poyera: palibe chida, palibe kugwira munthu, palibe chindapusa. Ndipo atsikana asangopatsidwa ulembi ndi kuphika tiyi. Nkhani za pa mjigo, pa chigayo ndi pa sikelo ya ana amazimva ndi iwo, kotero m'gulu la awiri otsimikiza nkhani, mmodzi azikhala wamkazi.

Kuno achinyamata sakhalitsa. Wina apita ku Blantyre, wina ku Joni, wina akwatiwa mudzi wina, wina atsata nsomba. Wochoka alowedwe m'malo mwezi usanathe, kuchokera mbali yomweyo ya mudzi imene iye amaimira. Ndipo pa msonkhano woyamba wa mwezi uliwonse, imbani nambala zonse za pa tsamba loyamba la kope, ya amfumu, ya wapolisi, ya aphunzitsi aakulu, ya mlangizi wa zaumoyo, muone ngati zikugwirabe, chifukwa apolisi ndi aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo anthu amasintha manambala osalengeza.